Malaya Amodzi, Mphindi Zingati? Masamu a M'fakitale Yosoka Zovala

Anzanga ophunzira, musanapitirize kuwerenga, tatengani malaya kapena T-shirt ina iliyonse imene ili pafupi, muone kansalu kakang'ono kamene kasokeredwa kukhosiko. Ngati ndi chovala cha pa kaunjika kapena chogula m'sitolo, nthawi zambiri mupezapo dzina la dziko ngati Bangladesh, China, Vietnam, India kapena Cambodia. Chovalacho chisanasokedwe n'komwe, munthu wina anakhala pansi n'kuwerengera kuti chidzadya mphindi zingati, nsalu yaitali bwanji, komanso ndalama zingati. Akaphonya masamuwo ndi masenti ochepa chabe, fakitale imatha kugwira ntchito mwezi wathunthu n'kutsala ndi ngongole. Ndipo eni fakitale akafuna kubweza masentiwo mosaganizira anthu, amene amamva kuwawa ndi osoka.

Lero tiona mmene masamuwo amayendera. Simufunika china choposa kuchulukitsa, kugawa ndi maperesenti amene munaphunzira kale. Manambala a m'zitsanzo za fakitale yathu ndi ongoyerekeza kuti masamu ayende bwino, koma njira zowerengerazo ndi zimene zimagwiradi ntchito m'mafakitale enieni.

Telala wa pakhonde ndi fakitale amasiyana pati?

Telala wa pakhonde la sitolo amachita zonse yekha. Amayeza kasitomala, amadula nsalu, amasoka, amaika mabatani, n'kusita. Ku fakitale sizitero. Ntchito yosoka malaya amodzi imagawidwa m'zigawo zing'onozing'ono zambiri, ndipo munthu aliyense amapatsidwa chigawo chake. Wina amangosoka makolala tsiku lonse, wina matumba, wina amalumikiza manja, wina amaboola mabowo a mabatani. Makina amandandalikidwa pamzere umodzi umene amautchula kuti laini, ndipo zidutswa za nsalu zimayenda m'mitolo kuchoka kwa uyu kupita kwa winayo mpaka malaya atuluke kumapeto.

Nzeru imeneyi si yalero. M'chaka cha 1776, Adam Smith wa ku Scotland anafotokoza m'buku lake la The Wealth of Nations za kafakitale kopanga mapini. Anthu 10 ogawana ntchito ankapanga mapini pafupifupi 48,000 patsiku, pamene aliyense akanati azipanga yekha kuyambira poyamba mpaka pomaliza, sakanafika ngakhale 20. Munthu akamabwereza ntchito imodzimodzi manja amazolowera, sataya nthawi posintha zida, ndiponso makina ake amakhala opangidwira ntchito yomweyo basi.

Makina a m'fakitale ndi othamangadi. Mwachitsanzo, pa makina a Juki DDL-8700, amene ndi ofala kwambiri, singano imatha kulowa ndi kutuluka maulendo 5,500 pa mphindi imodzi. Ndiye tiwerengere. Tinene kuti msoko ndi wautali masentimita 50, ndipo singano imabaya kanayi pa sentimita iliyonse. Amenewo ndi maulendo 200. Makina akamathamanga maulendo 4,000 pa mphindi, msokowo utha pa 200 ÷ 4,000 = 0.05 ya mphindi, omwe ndi masekondi atatu okha. Koma mukaima pambali pa wosokayo, muona kuti ntchitoyo ikumutengera nthawi yoposa pamenepo kangapo. Nthawi yotsalayo ikupita kuti? Ikuthera pa kutola zidutswa, kuzilinganiza, kuziika pansi pa singano, kuwongola nsalu, kudula ulusi ndi kuika pambali. Mwaonatu kuti liwiro la makina si nkhani yonse. Nthawi yambiri imathera m'manja, ndipo n'chifukwa chake anthu anayamba kuyeza kayendedwe ka manjawo.

Kuyeza ntchito ndi wotchi

Amene anatchukitsa zoyeza ntchito ndi wotchi ndi Frederick Winslow Taylor wa ku America. Anayamba m'zaka za m'ma 1880 pa fakitale ya zitsulo ya Midvale ku Philadelphia, ndipo mu 1911 anatulutsa buku la The Principles of Scientific Management. Pa nthawi yomweyo, Frank Gilbreth ndi mkazi wake Lillian ankajambula antchito pa kanema kuti aone mayendedwe a manja amene ndi ofunika ndi amene akungotopetsa munthu pachabe. Antchito ambiri sanakondwere ndi njira za Taylor, chifukwa ankaona kuti wotchiyo yabwera kudzawathamangitsa. Mkangano umenewo sunathe mpaka lero, ndipo tibwereranso kwa iwo kumapeto.

M'mafakitale a zovala, zotsatira za kuyezako zimatchedwa SAM, chidule cha mawu akuti Standard Allowed Minutes. Ena amati SMV. Tanthauzo lake ndi ili: mphindi zimene wosoka wodziwa ntchito, wosathamanga mopitirira ndiponso wosazengereza, ayenera kutenga kuti amalize ntchito inayake, kuphatikizapo kanthawi kopumira. SAM imapezeka m'masitepe atatu.

Sitepe yoyamba, yezani ntchitoyo kangapo ndi stopwatch n'kupeza avareji. Tiyerekeze kuti mayi wina akulumikiza kolala ku malaya, ndipo maulendo asanu atenga masekondi 52, 48, 50, 55 ndi 45. Tikaphatikiza tipeza 250, tikagawa ndi 5 tipeza masekondi 50.

Sitepe yachiwiri, woyezayo amayerekeza liwiro la mayiwo ndi liwiro loyenera, limene limawerengedwa ngati 100 peresenti. Akaona kuti mayiwo anali kumbuyo pang'ono, tinene pa 90 peresenti, amachulukitsa: 50 × 0.90 = masekondi 45. Apa akutanthauza kuti munthu wa liwiro loyenera akanamaliza pa masekondi 45. Sitepe imeneyi ndi imene imabweretsa mikangano, paja imadalira maso a munthu, osati makina.

Sitepe yachitatu, amawonjezera nthawi ya zinthu zosapeweka. Munthu si chitsulo. Amapita kuchimbudzi, amamwa madzi, amawongola msana, ulusi umaduka, ulusi wa pansi umatha n'kufunika kusintha. Tinene kuti zonsezi tazipatsa 20 peresenti: 45 × 1.20 = masekondi 54. Tikagawa ndi 60 tipeza mphindi 0.9. Ndiye SAM yolumikiza kolala ndi 0.9.

Mukachita chimodzimodzi pa zigawo zonse za ntchito n'kuphatikiza, mupeza SAM ya chovala chonse. T-shirt wamba imakhala ndi SAM yosafika mphindi 10, pamene malaya a kolala, mabatani ndi manja aatali nthawi zambiri amafika mphindi 20 kapena kupitirira.

Mwina mukufunsa kuti, nanga fakitale imatchula bwanji mtengo wa chovala chimene sinasokepo? Funso labwino. Mu 1948 ku America kunatuluka njira yotchedwa MTM, imene inapatsa kayendedwe kalikonse ka dzanja nthawi yake: kutambasula mkono, kugwira, kunyamula, kusiya. Nthawiyo imayezedwa mu TMU. Ola limodzi lili ndi ma TMU 100,000, kotero TMU imodzi ndi masekondi 0.036. Pa maziko amenewa anapanga njira ina ya osoka okhaokha yotchedwa GSD. Katswiri amangoona chithunzi ndi chitsanzo cha chovala, n'kulemba mayendedwe onse amene adzafunike, n'kuphatikiza nthawi zake pa kompyuta. SAM imadziwika singano isanabaye n'kamodzi komwe.

Efficiency ya laini

Mawu akuti efficiency munakumana nawo kale pophunzira za makina mu sayansi: zimene zatuluka kugawa ndi zimene zalowa, kuchulukitsa ndi 100. Kufakitale n'chimodzimodzi, kungoti m'malo mwa mphamvu timawerenga mphindi.

Mphindi zolowa ndi zimene fakitale yalipira: chiwerengero cha osoka × mphindi za ntchito patsiku.

Mphindi zotuluka ndi zimene zasanduka zovala: chiwerengero cha zovala zomalizidwa × SAM.

Efficiency = mphindi zotuluka ÷ mphindi zolowa × 100

Tiyerekeze laini ya osoka 40, yogwira ntchito maola 8 patsiku, omwe ndi mphindi 480. Akusoka malaya a SAM ya 20.

Mphindi zolowa: 40 × 480 = 19,200.

Zonse zitayenda popanda chophonya, akanasoka 19,200 ÷ 20 = malaya 960. Koma madzulo powerenga apeza malaya 576.

Mphindi zotuluka: 576 × 20 = 11,520.

Efficiency: 11,520 ÷ 19,200 × 100 = 60 peresenti.

Kunena kwina, pa mphindi 10 zilizonse zimene fakitale yalipira, 6 zokha ndi zimene zasanduka malaya. Bwanji osangowerenga malayawo basi? Chifukwa laini yosoka ma T-shirt 1,000 ndi laini yosoka majekete 200 sungaziyerekeze pongowerenga zovala. Ukazisandutsa mphindi m'pamene umadziwa imene yagwira bwino ntchito.

Mphindi 7,680 zapita kuti?

Pa 19,200 tachotsa 11,520, patsala mphindi 7,680 zimene zasowa. Munthu wopupuluma anena kuti osokawo ndi aulesi. Koma mukafufuza bwino mupeza kuti zambiri zatayika pa zifukwa zimene wosoka sangazisinthe. Magetsi anazima, jenereta n'kuchedwa kulira. Makina ena anafa, makaniko ali kutali. Odula nsalu anachedwa kubweretsa mitolo. Mabatani sanafike. Munthu mmodzi sanabwere chifukwa mwana wadwala, ndipo amene walowa m'malo mwake ntchitoyo sanaizolowere. Komanso laini ikangosintha mtundu wa chovala, masiku oyamba efficiency imatsika kwambiri mpaka manja azolowere.

Chifukwa china chachikulu ndi kusagawa bwino ntchito. Taganizirani za pa mjigo m'mawa. Ngakhale pabwere anthu 30 ndi zidebe zawo, onse amphamvu ndiponso achangu, madzi amatuluka pa paipi imodzi, ndipo paipiyo ndi imene imalamula kuti zidebe zidzaze zingati pa ola. Laini nayo ili ndi malo otero. Pa Chingerezi amawatchula kuti bottleneck, kutanthauza khosi la botolo.

Tiwapeze ndi masamu. Malaya a SAM ya 20 tikagawira anthu 40, aliyense ayenera kulandira ntchito ya 20 ÷ 40 = mphindi 0.5 pa malaya amodzi. Koma kolala ija imafuna mphindi 0.9. Mukaikapo munthu mmodzi yekha, ngakhale agwire pa liwiro loyenera tsiku lonse, alumikiza 480 ÷ 0.9, omwe ndi makolala 533 basi. Laini yonse singapitirire malaya 533, kaya ena 39 athamange bwanji. Mitolo iunjikana pa iyeyo, ndipo amene ali kutsogolo kwake angokhala manja ali m'chiuno. Mankhwala ake si kumukalipira. Ndi kuwerengera: 0.9 ÷ 0.5 = 1.8, ndiye pamafunika anthu awiri, ndipo wachiwiriyo akapeza mpata azithandiza pa ntchito ina yapafupi. Kulinganiza kotereku ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku ya mainjiniya a m'fakitale.

Palinso mphindi zimene zimatayika pokonza zolakwika. Mafakitale amawerenga zolakwika pa zovala 100 zilizonse, ndipo nambalayo amaitchula DHU. Mukayendera malaya 500 n'kupeza zolakwika 40, DHU ndi 40 ÷ 500 × 100 = 8. Msoko wokhota uyenera kusomoledwa n'kusokedwanso, ndipo kusomola kumatenga nthawi yaitali kuposa kusoka. Malayawo amadya mphindi kawiri koma amawerengedwa kamodzi. Akulu anati kuthamanga sikufika, ndipo apa masamu akuvomereza.

Mphindi imodzi imadya ndalama zingati?

Tsopano tisandutse mphindi kukhala ndalama. Tigwiritsa ntchito madola a ku America chifukwa malonda a zovala pakati pa mayiko amachitika kwambiri m'madola.

Tiyerekeze kuti kuyendetsa laini yathu tsiku limodzi kumadya $960. M'menemo muli malipiro a osoka, a akapitawo, a makaniko ndi a muofesi, magetsi, mafuta a jenereta, lendi ya nyumba, ndi kutha kwa makina. Zindikirani kuti ndalama imeneyi imatuluka ndithu, kaya asoke malaya ambiri kaya ochepa.

Mtengo wa mphindi imodzi: $960 ÷ 19,200 = $0.05, omwe ndi masenti asanu.

Mtengo wosokera chovala chimodzi, umene m'malondawa amautchula CM, umapezeka motere:

CM = SAM × mtengo wa mphindi ÷ efficiency

Pa 60 peresenti: 20 × 0.05 ÷ 0.60 = $1.67. Mutha kutsimikiza pogawa $960 ndi malaya 576, yankho ndi lomwelo.

Pa 75 peresenti laini itulutsa malaya 720, ndipo CM ikhala 20 × 0.05 ÷ 0.75 = $1.33.

Kusiyana kwake ndi masenti pafupifupi 33. Mungati n'zochepa, eti? Koma kampani yogula ikaitanitsa malaya 50,000, masenti amenewo amakwana pafupifupi $16,700. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Tsopano taonani pamene pagona nkhani. Tinene kuti wogula wanena kuti alipira $1.50 yosokera malaya amodzi, ndipo fakitale yavomera. Kuti ingobweza $960 yake iyenera kusoka 960 ÷ 1.50 = malaya 640 patsiku, yomwe ndi efficiency ya 66.7 peresenti. Ikatsalira pa 60 peresenti, ikuluza masenti 17 pa malaya alionse amene ikutumiza. Ikafika pa 75 peresenti, ikupindula masenti 17. Anthu omwewo, makina omwewo, mtengo womwewo, koma kwina ngongole kwina phindu.

Nsalu ndiyo imadya zambiri

Kusoka si kumene kumadya ndalama zambiri pa chovala. Pa zovala zambiri wamba, nsalu yokha imatenga theka la mtengo wa pafakitale kapena kupitirira. N'chifukwa chake chipinda chodulira nsalu chili ndi masamu akeake.

Asanadule, amayala mapateni a zidutswa zonse, kutsogolo, kumbuyo, manja, kolala ndi thumba, pa pepala lalitali lofanana m'lifupi ndi nsaluyo. Pulani imeneyi imatchedwa marker. Kenako amayala nsalu zambirimbiri pamwamba pa inzake, n'kuika marker pamwamba, n'kudula zonse nthawi imodzi ndi mpeni wa magetsi. Timipata totsala pakati pa mapateni ndi nsalu imene yagulidwa koma ikupita kudzala.

Tiyerekeze marker ya malaya anayi, m'lifupi mamita 1.5, m'litali mamita 6. Malo onse ndi 1.5 × 6 = masikweya mita 9. Zidutswa zenizeni zikutenga masikweya mita 7.65. Efficiency ya marker ndi 7.65 ÷ 9 × 100 = 85 peresenti, ndipo malaya amodzi akudya 6 ÷ 4 = mamita 1.5.

Wodziwa ntchito atembenuza mapateni ena, alowetsa tizidutswa ting'onoting'ono m'mipata, mpaka marker ifupike kufika mamita 5.8. Malo onse tsopano ndi masikweya mita 8.7, efficiency yakwera kufika 87.9 peresenti, ndipo malaya amodzi akudya mamita 1.45. Wapulumutsa masentimita asanu okha pa malaya. Koma pa malaya 50,000 amenewo ndi mamita 2,500, ndipo ngati mita ndi $2, wapulumutsa $5,000 popanda aliyense kutuluka thukuta lowonjezera. Uku ndi kugwiritsa ntchito jometri yomwe ija ya m'kalasi.

Tiphatikize mtengo wonse wa malaya athu, pa marker yoyamba ndi efficiency ya 60 peresenti:

Nsalu, mamita 1.5 pa $2: $3.00

Ulusi, mabatani, nsalu yolimbitsa kolala, malebulo ndi zokutira: $0.60

Kudula ndi kusoka: $1.67

Mayendedwe opita kudoko ndi zina: $0.33

Zonse pamodzi: $5.60

Nsalu yatenga pafupifupi 54 peresenti, kusoka pafupifupi 30 peresenti. Ndipo kumbukirani kuti mu $1.67 ija muli magetsi, lendi ndi zina, kotero gawo lofika m'manja mwa osoka ndi locheperapo.

Masamuwa akafika pa anthu enieni: Bangladesh

Tichoke pa zoyerekeza tione dziko lenileni. Ku Bangladesh, zovala zimabweretsa ndalama zoposa 80 peresenti ya zonse zimene dzikolo limapeza pogulitsa katundu kunja, ndipo m'mafakitale a zovala mumagwira ntchito anthu pafupifupi 4 miliyoni, ambiri mwa iwo amayi. Mu December 2023 malipiro otsikitsitsa a m'mafakitalewa anakwera kuchoka pa mataka 8,000 kufika pa mataka 12,500 pamwezi, pomwe mabungwe a antchito ankafuna 23,000. Pa nthawiyo mataka 12,500 anali pafupifupi $113.

Tiwerengere. Masiku 26 a ntchito, mphindi 480 patsiku, ndi mphindi 12,480 pamwezi. Ndiye malipiro otsikitsitsawo ndi pafupifupi taka imodzi pa mphindi. Malaya a SAM ya 20 pa efficiency ya 60 peresenti amadya mphindi zolipiridwa 20 ÷ 0.60, zomwe ndi 33. Pa mlingo wotsikitsitsawo, osoka onse a pa laini agawana mataka pafupifupi 33 pa malaya amodzi, omwe pa nthawiyo anali masenti pafupifupi 30 a dola. Osoka a luso amalandira mopitirirapo pang'ono, komabe mwaona kukula kwa gawo lawo. Malayawo akafika m'sitolo ku London kapena ku New York amagulitsidwa madola makumi angapo.

Pali njira ziwiri zotsitsira mtengo wa chovala. Yoyamba ndi kuchotsa nthawi ndi nsalu zotayika pachabe: kulinganiza laini, kukonza makina asanafe, kuyala bwino marker, kuika zidutswa pafupi ndi dzanja la wosoka, kuphunzitsa anthu. Imeneyi imathandiza aliyense, ndipo fakitale yoyenda bwino imakhala ndi mpata wolipira bwino. Yachiwiri ndi kufinya anthu: kudula nthawi yopuma ija mu SAM, kuumiriza maola owonjezera, kusiya kukonza nyumba ndi mawaya a magetsi. Nambala payokha singakuuzeni njira imene yagwiritsidwa ntchito. Mwachitsanzo, laini yathu itagwira maola 10 n'kusoka malaya 720, koma m'buku n'kulembamo maola 8, pa pepala pangaoneke 75 peresenti. Zoona zake n'zakuti 14,400 ÷ 24,000 ndi 60 peresenti yomwe ija, kungoti anthu agwira maola awiri osalembedwa.

Kumene njira yachiwiri imathera kunaoneka pa 24 April 2013 ku Savar, pafupi ndi mzinda wa Dhaka. Nyumba ya nsanjika zisanu ndi zitatu yotchedwa Rana Plaza, mmene munali mafakitale asanu a zovala, inali itaonetsa ming'alu dzulo lake. Banki ndi masitolo a pansi anatseka, koma osoka anauzidwa kuti abwerere ku ntchito. M'mawa wa tsikulo nyumbayo inagwa, ndipo anthu 1,134 anamwalira, ena pafupifupi 2,500 anavulala. Mwezi wotsatira kunasainidwa mgwirizano wotchedwa Accord on Fire and Building Safety in Bangladesh, umene makampani oposa 200 ogula zovala anadzalowamo, wokakamiza kuti mafakitale aziyenderedwa ndi akatswiri ndiponso kukonzedwa. Tsiku limodzi lotseka fakitale limaoneka ngati mphindi zotayika m'buku la efficiency. Buku limenelo lilibe mzere wolembapo moyo wa munthu, ndiye wowerengerayo ayenera kuukumbukira yekha.

Nanga telala wa kwathu?

Masamuwa si a mafakitale aakulu okha. Tiyerekeze telala amene amafunika K15,000 patsiku kuti alipire malo, agule singano ndi mafuta a makina, n'kutsala ndi ya ndiwo kunyumba. Amakhala pa ntchito mphindi 480, ndipo malaya a yunifomu amamutengera mphindi 150 kuyambira kudula mpaka kusita. Akawerengera kuti K15,000 ÷ 480 ndi K31.25 pa mphindi, apeza kuti malayawo adya pafupifupi K4,700, ndipo akatchula K5,000 aona ngati wapindula.

Koma pa mphindi 480 zija, zimene amagwiradi nsalu ndi 300 zokha. Zinazo zimathera poyeza makasitomala, kukambirana mtengo, kupita kukagula ulusi ndi zipi, ndi kudikira magetsi kuti asite. Efficiency yake ndi 300 ÷ 480 × 100 = 62.5 peresenti. Patsiku amaliza malaya awiri, alandira K10,000, apereweza K5,000. Mtengo weniweni wa mphindi yake ndi K15,000 ÷ 300 = K50, kotero malayawo anayenera kukhala K7,500. N'chifukwa chake munthu amatha kukhala ndi ntchito yambiri mwezi wonse koma m'thumba muli mbee.

Angatani? Atha kukweza mtengo, koma makasitomala ali ndi malire. Athanso kubwereka nzeru ya fakitale: akalandira mayunifomu 10, adule onse nthawi imodzi, asoke makolala onse, kenako matumba onse, agule ulusi ndi mabatani kamodzi pa sabata. Mphindi za malaya amodzi zitsika, mphindi zogwira nsalu zikwera. Wina mwa inu akadzaphunzira zosoka ku sukulu ya ntchito zamanja pansi pa TEVETA, kapena ngati kunyumba kuli makina, masamu awa ndi amene adzasiyanitse kutanganidwa ndi kupindula.

Yesani nokha

1. Ntchito ina yosoka yatenga avareji ya masekondi 40. Wosokayo anali pa liwiro la 110 peresenti, ndipo nthawi ya zosapeweka ndi 15 peresenti. Pezani SAM m'mphindi.

2. Laini ya osoka 25 yagwira mphindi 480 n'kutulutsa ma T-shirt 1,050 a SAM ya 8. Pezani efficiency.

3. Ngati lainiyo imadya $600 patsiku, kusoka T-shirt imodzi kwadya zingati? Wogula akalipira masenti 55, fakitale ipindula kapena iluza?

4. Tengani foni ya stopwatch, muyeze mnzanu akusita malaya asanu a yunifomu. Lembani nthawi imene simbi ili pansalu, ndi nthawi imene akutembenuza, kuyala ndi kupinda. Kenako sinthani malo oika malayawo kuti akhale pafupi, muyezenso. Mwapulumutsa masekondi angati popanda iye kuthamanga?

Mayankho: Loyamba, 40 × 1.10 × 1.15 = masekondi 50.6, omwe ndi mphindi 0.84. Lachiwiri, 8,400 ÷ 12,000 × 100 = 70 peresenti. Lachitatu, 600 ÷ 1,050 ndi masenti 57, ndiye fakitale iluza masenti awiri pa T-shirt iliyonse, ndipo kuti ibweze ndalama zake iyenera kusoka ma T-shirt 1,091 patsiku. Lachinayi yankho lili ndi inu, ndipo mukakaonetse aphunzitsi anu a masamu mmene mwalipezera.